Gawo la Nasra

Munthu wamkulu, wa imvi zake, kupalasa njinga kuchokera kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala mpaka kumsika kuti akangonunkhiza jumbo ya nyama! Anthu akanadziwa akanaseka mpaka kugwira nthiti. Mwayi wake ankadziwa ndi Lameki yekha, mwini golosale, ndipo Lameki ngakhale anali wolongolola, nkhani iyi yokha anaisunga.

Nyamayo inali ya mbuzi ya Idi ya Kurubani. Chaka chimenecho Idi inagwa mu Juni, anthu atangomaliza kumenya mpunga, ndipo Che Nasiru anazinga tonde wawo wonenepa amene ankavutitsa anthu m'madimba. Akazi awo, mai Nafisa, anagawa nyamayo monga mwa mwambo wake: gawo la osowa, gawo la abale ndi anansi, gawo la pakhomo. Kenaka pa gawo la pakhomolo anatapapo minofu ya kumwendo, yabwinoyabwino, n'kuiika padera m'beseni.

"Imeneyo ndi ya ndani?" anafunsa Che Nasiru.

"Ya Nasra."

"Nasra ali ku Joni. Kumeneko nyama amachita kuiponda ndi mapazi."

"Ya ku Joni ndi ya ku Joni. Iyi ndi ya kwawo. Wati abwera mu Disembala."

Che Nasiru anangopukusa mutu. Nasra anali mwana wawo yekhayo, ndipo anali atatha zaka zisanu ku Durban akugwira ntchito ya m'nyumba. Chaka chilichonse ankati abwera mu Disembala, ndipo chaka chilichonse Disembala ankafika yekha, mwini mawu osaoneka. Mapepala ake anali atatha kalekale, ankaopa kuti akatuluka sadzamulolanso kulowa.

Mai Nafisa sanalabadire zimenezo. Anadula nyamayo mizere yaitali yopyapyala, anaipaka zopaka zawo, n'kuikoloweka pachingwe kuti mphepo yozizira ya mu Juni iiwombe. Itauma kunja anaiwamba pansanja masiku anayi, pansi pake pakufuka mankhusu a mpunga ndi tinthambi ta mango. Che Nasiru sanayang'ane n'komwe mmene zinkachitikira. Akanayang'aniranji? Mkazi analipo, ndipo ankaoneka kuti adzakhalapo mpaka kalekale.

Mu Ogasiti mai Nafisa anadzuka akudandaula mutu. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya. Che Nasiru anaimbira mwana wawo foni, ndipo Nasra atasiya kukuwa ananena chinthu chimodzi chokha, kangapo konse.

"Ababa, ndidikireni. Ndikwera basi lero lomwe. Masiku atatu okha, ababa."

Koma maliro a Chisilamu sadikira basi. Shehe anali atafika kale, amayi anali atayamba kusambitsa thupi, anyamata ali kumanda ndi makasu. Che Nasiru anayankha kuti, "Sizitheka, mwanangu," ndipo mawu awiri amenewo anawavutitsa miyezi yonse yotsatira. Anaika maliro m'mawa mwake. Nasra sanakwerenso basi ija. Akanadzaona chiyani, mulu wa dothi?

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, abale atabalalika, Che Nasiru analowa m'khitchini kufuna machesi. Kudenga kunali kutapachikidwa chitini cha mkaka chakale. Atachitsitsa n'kuchivundukula, anapeza nyama ija itakulungidwa bwinobwino m'kansalu koyera. Fungo linawamenya kumaso: utsi wa mankhusu, ndimu, tsabola wa kambuzi. Ndi mmene ankamvekera manja a mai Nafisa mwezi wonse wa Juni. Anakhala pansi paphulusa pomwepo ndi mkanjo wawo woyera, n'kulira kulira kumene sanalire tsiku la maliro.

Atapukuta nkhope anatsimikiza mtima. Nasra sanaone nkhope ya mayi ake, sanaone jeneza lonyamulira maliro likutuluka pakhomo. Koma nyama iyi, chinthu chomaliza chimene mayi ake anamukonzera ndi manja awo, aidya ndithu. Vuto linali nyengo. Kuno kunyanja mvula ikangoyamba chilichonse chimanyowa, ngakhale mchere m'botolo, ndipo nyama youma m'chitini siingaone Khirisimasi. Apa ndi pomwe anakumbukira filiji ya Lameki.

Golosale ya Lameki inali pamsika pamene mawaya a magetsi amathera. Munthuyo anali Mlomwe, mkulu wa mpingo, wamfupi, wa dazi, ndipo iye ndi Che Nasiru anayamba kunyozana ali anyamata, akuvuwa matemba limodzi. Filiji yake inali yaikulu, yotsekulira pamwamba ngati bokosi, yodzaza ndi mafilizi a ana a sukulu ndi zakumwa.

"Muli nkhumba mmenemu?" anafunsa Che Nasiru asanapereke n'komwe moni wokwanira.

"Nkhumba ine ndimasunga m'mimba, Che Nasiru. M'filiji mumalowa za malonda."

"Ndikunena zoona, Lameki."

"Inenso ndikunena zoona. Makasitomala anga theka ndi anthu a kumzikiti kwanu. Mukufuna ndidye chiyani?"

Atamva nkhani yonse, Lameki anasiya nthabwala. Anatenga majumbo awiri atsopano, anaika nyamayo m'kati, anafinya mpweya wonse n'kumanga pakamwa ndi mphira. Anaiika pansi penipeni, pakona, n'kusanjikiza mafilizi pamwamba.

"Apa ikhala mpaka chaka chamawa," anatero. "Chachikulu muisiye. Iwalani kuti ilipo."

Kuiwala! Lameki ankayankhula ngati munthu amene mkazi wake ali moyo.

Lachisanu lotsatira, atatuluka kumzikiti ku swala ya Juma, Che Nasiru anapeza kuti njinga yawo yakhotera yokha kumsika. Anati akufuna kungoona ngati nyama ili bwino. Anaitulutsa, anapita nayo kuseri kwa golosale, anakhala pakireti, anamasula mphira n'kulowetsa mphuno. Poyamba sanamve kanthu, kuzizira kokhakokha. Ndiye anaifukata pamiyendo kuti ifunde pang'ono. Patapita kanthawi fungo lija linadzuka, ndipo mai Nafisa anali pomwepo, akutokosa mankhusu ndi kamtengo, akudandaula kuti utsi ukuwalowa m'maso. Che Nasiru anakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha, kenaka anamanganso jumbo n'kukaibweza.

Lachisanu linalo anabweranso. Kenaka anayamba kubwera ndi Lachiwiri lomwe, akuti kudzagula sopo. Sopo anachuluka pakhomo pawo kuposa zovala.

"Che Nasiru," anatero Lameki tsiku lina, "botolo la fanta ndikalitulutsa m'filiji limatani?"

"Limazizira."

"Limatuluka thukuta. Nyama yanuyo nayonso ikutuluka thukuta, inu n'kumalitsekera m'jumbo momwemo. Nyama youma mdani wake ndi madzi."

"Ndikungoona ngati ili bwino."

"Inali bwino musanaione."

Che Nasiru anamva, ndipo anadziwa kuti mnzawoyo akunena zoona. Anapirira sabata imodzi yathunthu. Koma nyumba inali zii, mphasa ya mai Nafisa ili chiimire pakona, ndipo kununkhira kwawo kunali kutatha m'zovala zonse. Kunatsala m'jumbo muja mokha. Munthu amene amasuta fodya amadziwanso kuti akuwononga chifuwa, koma onani ngati amasiya.

Cholakwa china anachichita pafoni. Kuyambira tsiku la maliro, iwo ndi Nasra ankangopatsana moni wouma: mwadzuka bwanji, mvula yayamba, ndatumiza kangachepe. Tsiku lina, pofuna kuti mwanayo ayankhule ngati kale, anamuuza za nyama ija.

"Anati ndi yanga?" anafunsa Nasra.

"Anati ndi ya Nasra. Anachita kundikaniza ine."

"Musadye, ababa. Ngakhale kachidutswa. Ulendo uno ndikubwera, kaya andiletse kubwerera kuno, zilibe kanthu."

Patatha sabata ziwiri anatumiza chithunzi cha tikiti ya basi. Che Nasiru anaonetsa chithunzicho kwa aliyense amene anakumana naye pamsewu, ngakhale amene sanafunse.

Kumapeto kwa Novembala kunabwera mvula ya mkuntho imene inagwetsa mapolo a magetsi. Msika unakhala masiku anayi wopanda magetsi, ndipo msewu unali matope okhaokha moti njinga inkafuna kunyamulidwa pamutu. Tsiku lachisanu Che Nasiru anayenda wapansi. Anapeza Lameki akukhuthula madzi ofiira a mafilizi m'filiji, ndipo atawaona sanawaseke, sanawanyoze. Anangowapatsa jumbo ija.

Nyama youma bwino, yomangidwa osatsekulidwa, ikanapirira masiku anayi amenewo popanda vuto. Koma iyi inali itamwa thukuta la miyezi iwiri. Inali itafewa, itachita chuku mbali zonse, kwina kobiriwira kwina kotuwa, ndipo fungo limene linatuluka silinali la mai Nafisa. Linali la chinthu chowola basi.

Anayesa zonse. Anaipala ndi mpeni, anaitsuka ndi ndimu, anaiika pamoto. Mpeni ukalowa, m'kati namonso munali mutada. Lameki anabwera madzulo ake, anainunkhiza n'kubweza mutu.

"Mukampatsa mwana iyi, mukaikanso maliro ena," anatero.

Kuitaya kudzala kuti agalu akaikokere uku ndi uku, Che Nasiru sakanatha. Anakumba kadzenje kuseri kwa khitchini, anaikulunga m'kansalu kake koyera kaja, n'kuikwirira. Sanaimbe mlandu mphepo, sanaimbe mlandu magetsi. Anadziwa kuti aiwononga okha, ndi mphuno yawo, chifukwa cholephera kupirira. Nasra anali atatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi atatu kuti afike.

Foni anaigwira kangapo kuti amuuze. Koma akanayamba bwanji? Mawu aja akuti "sizitheka, mwanangu" anali atawanena kale kamodzi, ndipo pakamwa pawo panakana kuwanenanso. Ndiye anachita chimene amachita anthu abwino akapanikizika: anaganiza zonama.

M'khola munatsala mbuzi ziwiri. Anazinga imodzi mwakachetechete, nyama yambiri anagawira anansi akuti ndi sadaka ya malemu, minofu ya kumwendo n'kulowa nayo m'khitchini. Pamenepo ndi pomwe anazindikira kuti zaka makumi atatu anadya nyama yowamba osadziwa mmene imapangidwira. Mizere yawo inatuluka ina yonenepa ngati chala chachikulu, ina yopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Ndimu amayamba kapena mchere? Kambuzi amasinja kapena amangodula? Anafunsa mphuno yawo, poti ndi yokhayo imene inaphunzira. Mchere anathira mosamala, pang'onopang'ono, akulawa ndi lilime kuti usapitirire.

Kunja kunkagwa mvula, choncho zonse zinachitikira pansanja. Masiku asanu ndi limodzi anakhala mu utsi wa mankhusu, maso ali psuu, nazale ya mpunga kusikimu ikumera udzu. Anthu odutsa ankati Che Nasiru ayamba kuwamba milamba ya malonda. Pomaliza nyama inauma, inada bwino, ndipo fungo lake linayandikira ndithu. Anapita nayo kwa Lameki.

"Ukanena, ubwenzi watha," anatero.

"Ine ndi mkulu wa mpingo, Che Nasiru. Lamulungu sindinama. Koma akabwera pakati pa sabata palibe vuto." Lameki anamanga jumbo ndi mphira, kenaka anawayang'ana. "Komatu mwana wa munthu amadziwa dzanja la mayi ake."

"Zaka zisanu ndi zambiri. Waiwala."

Ulendo uno sanaitsekule ngakhale kamodzi. Munalibe aliyense m'jumbomo woti akamuone.

Nasra anafika Lachinayi masana pa kabaza wa njinga yamoto, chikwama chachikulu chitamangidwa kumbuyo, matope mpaka m'mawondo. Anali atanenepa pang'ono, ndipo pamphumi pake panali mzere umene sunalipo kale. Atatsika anagwada kupereka moni, ndipo Che Nasiru anaona kuti akamayang'ana pansi amafanana ndi mayi ake moti anachita kutembenukira kumbali. Amayi a m'mudzi anabwera, analira naye, anamuperekeza kukaima chapatali ndi manda n'kupemphera dua. Tsiku lonse linatha ndi anthu.

M'mawa mwake, pakhomo patatsala awiri, Nasra anati, "Ababa, gawo langa lija."

Che Nasiru anapalasa njinga kukaitenga, ndipo pobwerera inkalemera ngati anyamula thumba la mpunga. Nasra anailandira ndi manja awiri. Anakhala pakhonde, anamasula mphira pang'onopang'ono, anaika nkhope m'jumbo n'kutseka maso. Bambo ake anaima potero akuyang'ana nkhuku.

"Utsi wa mankhusu," anatero Nasra, akumwetulira misozi ili m'masaya.

Mtima wa Che Nasiru unakhala pansi pang'ono. Nasra anakoleza mbaula, anawotcha mizere iwiri pamakala mpaka mafuta anayamba kulira, umodzi anapatsa bambo ake pambale, winawo anagwira m'manja. Anati bisimila, analuma, n'kuyamba kutafuna. Anatafuna nthawi yaitali. Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anatembenuza chidutswa chotsalacho, anayang'ana mmene chinadulidwira, n'kuchiika pambale.

"Iyi sanapange amama."

"Ukunena chiyani? Mwina filiji yasintha kakomedwe."

"Ababa." Anawayang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. "Mchere uli bwinobwino. Amama nyama yawo sumatha mizere iwiri osathamangira kumtsuko. Moyo wanga wonse ndinkawauza kuti achepetse, iwo ankati mchere wochepa ndi wa anthu aulesi ofuna nyama iwole. Zaka zisanu ndakhala ndikulakalaka mchere umenewo."

Che Nasiru anatsegula pakamwa, koma bodza lachiwiri linakana kubwera. Zaka makumi atatu ankamwa madzi makapu awiriawiri akadya nyama ya akazi awo, osaganizapo kanthu. Iwo ankayesa kuti nyama yowamba imakhala choncho.

Anakhala pansi pakhonde, pafupi ndi mwana wawo, n'kufotokoza zonse: chitini cha kudenga, kireti ya kuseri kwa golosale, chenjezo la Lameki, masiku anayi opanda magetsi. Sanadzichepetsere mlandu.

"Ndinkawasowa, mwanangu," anatero pomaliza. "Ndinkangofuna kumva fungo lawo pang'ono. Ndinadya gawo lako ndi mphuno mpaka linatha."

Nasra sanakalipe. Akanakalipa zikanapepuka. Anakhala akuyang'ana makala akuzima, manja ali pamiyendo.

"Yeniyeniyo ili kuti?" anafunsa.

"Inaonongeka kwambiri. Sukanatha ngakhale kuiyandikira."

"Ndikanaiona chabe. Ili kuti?"

Anamutengera kuseri kwa khitchini. Pamalopo mvula inali itasalaza dothi, ndipo tiudzu tinali titayamba kale kumera. Nasra anagwada, n'kuika chikhatho pansi. Patali, kusikimu, anthu ankaitanizana powokera mpunga.

"Nayonso mwaikwirira ndisanafike," anatero motsitsa mawu.

Che Nasiru anaima kumbuyo kwake, kofia ili m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu. Patapita nthawi Nasra anadzuka, anasasa dothi m'mawondo n'kubwerera kukhonde. Anatola chidutswa chija pambale, chozizira kale, anachiyang'ananso mmene chinapindikira, konenepa uku kowonda uku.

"Munakhala masiku angati mu utsi?"

"Asanu ndi limodzi."

Nasra anagwedeza mutu. Analowa m'khitchini, anatuluka ndi botolo la mchere, anatapa ndi zala zitatu n'kuwaza pachidutswacho mpaka chinayera. Kenaka anawazanso pa cha bambo ake.

"Khalani pansi, ababa," anatero. "Tidye."